Mbuzi imene anazinga achimwene

Kwathu ku Utale mbuzi ya pamwambo sazinga munthu wamba. Ife ndife Akhristu, koma pakagwa ukwati kapena maliro, mpeni timapereka kwa Msilamu kuti mudzi wonse udye mbale imodzi. Palibe anazilemba penapake, ndipo palibe amafunsa.

Tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, achimwene anga anafika kuchokera ku Lilongwe, kumene akhala chiyambire unyamata wawo. Munthuyo ndi waphuma. Ataona mbuzi idakali pachingwe dzuwa litakwera, anayesa akumudzife tagona. Pochokera kumjigo ndinapeza aisenda kale, iwo akumwetulira ngati awina mpira.

"Wazinga ndani?" ndinafunsa.

"Ineyo. Mbuzi ndi mbuzi, achemwali."

Kuseri kwa nyumba amayi achisilamu anali akupeta mpunga chiyambire m'mawa. Akuchimuna anali m'njira kuchokera ku Liwonde, ambiri a iwo Asilamunso. M'maganizo ndinaona mbale zikubwerera zosakhudzidwa, mwana wanga atazyolika pamaso pa apongozi ake.

Sindibisa, maganizo ongokhala chete anandibwerera. Akanadziwa ndani nyama itapsa? Koma amene ankatsogolera zophika anali aneba anga achisilamu, mayi amene anamusambitsa mwanayu tsiku lomwe anabadwa. Ndinawakokera pambali n'kuwauza zonse.

Kenako analankhula ndi anzawo m'Chiyao mothamanga, moti sindinatolepo kanthu. Onse anapukuta m'manja n'kutuluka pabwalo mondondozana. Malichero anatsala pansi.

Ndinakhala pamtondo n'kuyamba kulira. Achimwene anayamba kufotokoza kuti m'tauni zoterezi zinatha kalekale. Ndinawauza kuti akaifotokozere mbuzi yawoyo.

Pasanathe ola ndinamva nkhuku zikukuwa kumsewu. Amayi aja anali kubwerera, aliyense nkhuku m'khwapa, wina atasenza mapoto akwawo, ashehe akutsatira ndi mpeni wokulunga m'kansalu. Mtima unagwa pansi, misozi n'kuchita kuwonjezeka.

"Mukulira chiyani?" anatero aneba aja. "Mwanayu ngwanu nokha? Taterekani madzi tisosole."

"Ndimayesa mwapitiratu."

"Iyayi. Mukanabisa, mawa tikanamva ndithu. Pamenepo ndiye tikanapitiratu."

Akuchimuna anafika nkhuku zikutumphuka pamoto, ndipo anadya mpaka kunyambita zala. Mwana wanga anavina tsiku lonse osadziwa kanthu.

Mbuzi ija tinaiphikabe, m'poto wina, patali pansi pa mtengo wa mango. Ndinkaganiza kuti a kumpingo kwathu aimaliza. Koma akulu ampingo atamva kuti anzawo sadyako, anabweza mbale n'kupempha nkhuku, ena onse n'kutsatira. Palibe anawauza. M'mawa mwake achimwene anakwera minibasi ya ku Lilongwe atanyamula ndowa, mbuzi yonse ili m'menemo.