Majombo a Sefu

Uladi Mbwana wa ku Nkhudzi anali munthu woumitsa usipa. Bwato analibe. Ankagula nsomba kwa asodzi, n'kuziyanika pa thandala, n'kukazigulitsa ku Mangochi. Mnzake wapamtima anali Sefu. Ku jando anapita limodzi, ndipo mathandala awo anali oyandikana, moti wina akachokapo mnzake ankamupirikitsira akhwangwala.

Chaka china, nthawi ija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, agalu opanda mwini anachuluka m'mapiri a kumeneko. Ankatsika m'magulu, kugwetsa mathandala ndi kugwira mbuzi. Mayi wina atalumidwa n'kumwalira ndi chiwewe, boma linatumiza a Gilford Nyirenda, a vetenale ochokera kumpoto, kuti adzatchere nyambo za poizoni. Ankafuna munthu wa m'deralo woti aziwathandiza.

Uladi ndiye anayamba kumva nkhaniyo, ndipo ndiye anauza Sefu. Anapita onse awiri. A Gilford anafunsa amene amatha kupalasa njinga pamchenga, onse anavomera. Anasankha Sefu, osanena chifukwa.

M'mawa mwake Sefu anatulukira atavala ovolosi ya khaki, magolovesi ndi majombo akuda ofika m'maondo, akukankha njinga ya boma. Ntchito yake inali kudula nyama ya mbuzi m'tizidutswa, a Gilford n'kuthiramo mankhwala, iye n'kukaika m'njira za agalu. Nyambo zosadyedwa ankazitola, agalu akufa ankawakwirira m'dzenje lakuya. Amayi anayamba kumutcha a Vetenale aang'ono. Uladi akamva dzinalo, ankayang'ana kumbali.

"Achimwene, majombowo sakutentha?" anamufunsa tsiku lina.

"Akutentha ndithu," anatero Sefu akuseka. "Koma minga siindibayanso."

"Ifetu tinazolowera minga."

Lachisanu lina potuluka mumzikiti, Uladi anafunsa anzake chapansipansi kuti munthu wogwira mitembo ya agalu tsiku ndi tsiku, najisi yake, uve woletsa munthu kupemphera, ingachoke ndi madzi ati. Mawuwo anayenda okha. Pa sadaka anthu anayamba kumupatsa Sefu mbale yakeyake. Mandasi a Ajira, mkazi wa Sefu, ankabwerera kunyumba osagulidwa, poti ena ankati poizoni amatsalira m'zikhadabo za mwamuna wake.

Sefu anadziwa kumene nkhaniyo inachokera. Anamupeza Uladi akutembenuza usipa.

"Mukanandiuza kuti ntchitoyi mukuifuna, ndikanakusiyirani," anatero.

"Wanena ndani kuti ndikufuna kunyamula agalu akufa?" anayankha Uladi, maso ali pa nsomba.

Sefu anakwera njinga yake n'kumapita.

Agalu atachepa, a Gilford anasamutsidwira ku Katuli, ndipo anatenga Sefu ndi banja lake. Kumeneko Sefu anaphunzira kusambitsa ng'ombe ku dipi ndi kubaya katemera. Uladi anatenga thandala la mnzakeyo n'kuphatikiza ndi lake. Popeza agalu kunalibenso, usipa sunkawonongeka. Malonda anayenda, anafolera nyumba ndi malata, n'kukwatira mkazi wachiwiri, Zena. Anthu ankati zamuyendera, koma iye sankaona choncho. Uladi ankafunsa aliyense wochokera ku Katuli za Sefu, ngati akungocheza. Tsiku limene anamva kuti Sefu akuyenda pa njinga yamoto, anakalipira ana popanda chifukwa, n'kukhala yekha kuseri kwa nyumba.

Uladi ndi Sefu anadzakumananso imvi zitayamba, pamaliro a mlongo wake wa Sefu ku Nkhudzi komweko. Sefu anamugwira dzanja nthawi yaitali, akumufunsa za ana mmodzimmodzi. Uladi anayankha mwaulemu, koma anaona kuti anthu anabweretsera Sefu mpando pomwe iye Uladi anali pamphasa. Pobwerera anauza Zena kuti mnzakeyo wakalamba msanga, ndipo mano akutsogolo ayamba kumuthera. Zena anangokonza mpango wake n'kupitiriza kuyenda.