Tsiku Limene Anafufuta Amayi Pagombe

Ndikukumbukira chaka chimene magalasi aja anafika pasukulu pathu. Ndinali mu Fomu 2 pasekondale yoyendera, chakumtunda pang'ono kuchokera ku Senga Bay. Kwathu kunali kudoko, kumene amayi ankafutsa ndi kuyanika usipa. Bungwe lina la ku Lilongwe linabweretsa malaputopu, sola ya padenga, ndi chinthu chakuda chokhala ndi lamba, chimene tinkangochitcha magalasi. Ukachivala kumaso kalasi inkasowa, n'kupezeka uli kwina, ndipo ukatembenuka dzikolo linkapitirira kumbuyo kwako. Ine nditavala koyamba ndinapezeka pansonga pa phiri lalitali. Ndinakakamira desiki kuopa kugwa, anzanga akufa nazo kuseka.

Amene ankatiphunzitsa anali a Mbewe, aphunzitsi a jogalafe, munthu wofatsa amene ankayankhula ngati akupepesa. Zinthuzo anali atangoziphunzira kumene, choncho nthawi zambiri tinkasochera nawo limodzi. Anatiuza kuti aliyense wa m'kalabu yathu ya makompyuta amange dziko lake pakompyuta, loti munthu atavala magalasi aziyendamo, ndipo pakutha pa teremu kudzabwera makolo ndi alendo a kunja kudzaona. Mutu wake unali wakuti "Kwathu". Sindinachite kuganiza kawiri. Ndinasankha doko.

Ntchito imeneyo imayamba ndi kabokosi kopanda mtundu, kali pakati pa malo opanda kanthu. Umakakoka, kukapinda, kukapaka utoto, mpaka kasanduke chimene ukufuna. Bwato langa loyamba a Mbewe analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani, poti linkaoneka ngati bokosi la maliro. Koma pang'onopang'ono dzanja linazolowera. Ndinaimika mathandala oyanikapo nsomba, mtengo ndi mtengo, ena opendekera monga mmene alili enieniwo. Ndinapanga kausipa kamodzi n'kukachulukitsa mpaka laputopu inauma gwa, osayankhanso. Apo ndinaphunzira kuti kompyuta nayo imatopa, ndiye ndinabwereka foni ya a Mbewe, ndinakajambula usipa weniweni, n'kuyala chithunzicho pathandala ngati nsalu. Ndinaika mkuyu waukulu umene asodzi amasokerapo maukonde, utsi wa pamene amafutsira nsomba, ngakhalenso ntchentche. Ntchentchezo zinandivuta kuposa chilichonse, chifukwa zinkafunika kuuluka. Tsiku limene timadontho takudato tinayamba kuzungulira pathandala, ndinayenda ngati ndakhoza mayeso a boma.

Pomaliza ndinapanga anthu. Nkhope sindinkazitha, zonse zinkaoneka ngati mbatata. Koma amayi ndinawapanga ndi chitenje chawo chobiriwira, atawerama pathandala, dzanja limodzi lili pamsana. Pafupi nawo ndinaika a Asiyatu, anzawo a ntchito, atasenza beseni. Aliyense wa kudoko amene ankavala magalasiwo ankawazindikira nthawi yomweyo. Kunyumba ndinawauza amayi kuti alimo, ndipo iwo anauza doko lonse.

Kutatsala pang'ono kuti tsiku lachionetsero lifike, kunabwera mayi wina wa ku bungwe lija, amene tinkangowatchula kuti a Madamu. Anali Mmalawi mnzathu, ndipo ankanunkhira pafyumu kuchokera pakhomo. Anavala magalasi n'kuyenda m'doko langa. Atavula anandiyamikira kuti ndili ndi luso, kenako anatembenukira kwa a Mbewe.

"Koma izi sitingaonetse alendo. Ntchentche, utsi, zonyansa zonsezi, zingatichititse manyazi."

Ndinayankha kuti mutu unali "Kwathu", ndipo kwathu n'komweko. Iwo anamwetulira, n'kunena kuti atenga laputopuyo akakonze pang'ono chabe, tingoipereka. A Mbewe anayang'ana pansi. Ndinaganiza kuti mwina achotsa ntchentche zokha, ndipo zinandiwawa, koma ndinati ndipirira.

Laputopu inabwerera m'mawa wa tsiku lenilenilo, makolo atayamba kale kufika. Ndinavala magalasi. Mathandala munalibe. Mabwato munalibe. Munali mchenga woyera mbee, maambulera, mipando yogonera, ndi mitengo ya kanjedza yofanana ngati mapasa. Anangosiya nyanja ndi mkuyu uja. Amayi ndi a Asiyatu anali atafufutidwa. Koma dzina langa analisiya, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakhomo polowera. Chimenechi ndicho chimandipsetsa mtima mpaka lero. Akadachotsa ndi dzina lomwe, bwenzi ndikuti andibera basi. Koma iwo anandinamizira kuti ndine amene ndinaona kwathu n'kuganiza kuti kungakongole amayi atachokako.

Ndisanachite chilichonse, ahedi anali atandiimika kale pafupi ndi tebulo, alendo atakhala kutsogolo. Amayi anali pamzere wodikira kuvala magalasi, limodzi ndi a Asiyatu. Usipa wa tsiku limenelo anasiyira azakhali, anakwera kabaza, ndipo m'manja anali atatsuka ndi mandimu. Ndinayesa kuwakodola kuti asavale, koma iwo anayesa ndikuchita manyazi.

Pamenepa ndiyenera kunena kuti masiku amenewo kudoko kunali mphekesera yoti malowo akufuna kuwapereka kwa munthu womanga loji. Azimayi ankagona nayo nkhaniyo, n'kudzuka nayo. A Madamu sankadziwa zimenezi, chifukwa sanafunse aliyense.

Amayi anavala magalasi akuseka. Anatembenukira uku ndi uku, manja ali m'mwamba ngati akuyenda mumdima. Kenako kuseka kuja kunatha.

"Mkuyu uwu ndauzindikira," anatero. "Nanga mathandala athu ali kuti?"

Anavula magalasi pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Asiyatu.

"Zatheka, anzanga. Atichotsa. Atiitanira kudzaona mmene padzakhalire."

A Asiyatu anavalanso, ndipo anangoti, "Wallahi, ngakhale bwato limodzi palibe." Azimayi a kudoko anayamba kung'ung'udza, ena kuimirira. Alendo aja, poona amayi akupukuta m'maso ndi chitenje, anafunsa chimene chachitika. Ndinamva ndi makutu angawa a Madamu akuwauza m'Chingerezi kuti amayiwa agwidwa mtima ndi kukongola kwa ntchito ya mwana wawo. Alendo anawomba m'manja.

Chingerezi changa chinali chothyokathyoka, koma tsiku limenelo chinakwanira. Ndinanena mokweza kuti ntchitoyo si yanga, kuti ine ndinapanga doko la nsomba, ndipo munali amayi anga koma awachotsamo. Kenako ndinabwereza zomwezo m'Chichewa, kuti azimayi aja amve kuti palibe amene wagulitsa malo awo. Mlendo wina analemba kenakake. A Madamu anaseka, n'kunena kuti ana amakonda zinthu zawo, ndipo mwambo unapitirira ku tebulo lotsatira.

Lolemba ahedi anandiitana. Anati ndachititsa manyazi sukulu pamaso pa anthu otithandiza, anandichotsa m'kalabu, n'kundipatsa chikwakwa kuti nditchetche kuseri kwa zimbudzi. Ndinatchetcha udzu umenewo ngati ndikudula makosi. Amene anafufuta ntchito ya mwana sanafunsidwe kanthu, amene ananama pamaso pa khamu anakwera galimoto n'kubwerera ku Lilongwe, koma wa matuza m'manja ndinali ine. A Mbewe anabwera kumene ndinkatchetchako n'kundiuza chapansipansi kuti anafufuza m'laputopu monse, doko lakale mulibe. Anapepesa, n'kunena kuti ndizibwera nthawi ya nkhomaliro, chitseko azisiya chosakiya. Ndinkapitadi, ndipo ndinaphunzira zambiri, koma doko sindinalimangenso. Mtima unkakana.

Amayi sanandikalipire, komanso sanandiyamikire. Madzulo ena tikuwola usipa anangondifunsa kuti kodi ndinawapanga bwanji. Ndinawerama pathandala, n'kuika dzanja pamsana, n'kupendeketsa mutu. A Asiyatu anaseka mpaka anakhala pansi. Amayi anakana kuti saima choncho, akukana dzanja lili pamsana pomwepo. Kumeneko ndiye kudziona kwawo konse m'dziko langa lija.

Lero ndimagwira ntchito ku Lilongwe, yojambula pakompyuta nyumba zimene sizinamangidwe, kuti eni ake aziyendamo njerwa isanaikidwe. Loji ija inamangidwa kwina, ndipo doko likadalipo. Zinthu zasintha. Mwana wa Fomu 2 safunikanso kudikira bungwe kuti aonetse kwawo. Amatulutsa foni m'thumba, n'kujambula, n'kutumiza, popanda wina womuuza zoyenera kubisa. Koma chimene sichinasinthe ndi ife akuluakulu. Tikamva kuti kukubwera alendo, timayambabe ndi kufunsa kuti tibise ndani. Mwezi watha bwana wina anandipempha kuti m'chithunzi cha nyumba yake ndichotse msika wa azimayi umene uli kutsidya kwa msewu. Ndinamuuza kuti mtundu wa khoma ndingasinthe, denga ndingasinthe, koma anthu akachotse yekha, ndipo akawauze pamaso.