Kachitini pa Tsiku la Ubatizo

Mwamuna wanga amasewera mpira wolipidwa m'timu ina kuno ku Kitwe. Samwa mowa, sasuta. Amayi anga ku Kamitondo amanyadira zimenezi akakhala ndi anzawo a mphakati. Sadziwa za kachitini kozungulira ka m'thumba mwake, kodzaza timatumba toyera ta nikotini timene osewera amati sinasi. Mwamuna wangayo amatenga kamodzi n'kukabisa kuseri kwa mlomo wam'mwamba, utsi palibe, fungo palibe. Anayamba pofuna kukhazika mtima pansi asanalowe m'bwalo. Pamene mwana wathu ankabadwa n'kuti zitafika poti akadzuka, kachitini kaye, moni pambuyo.

Ine ndimaswera ndekha ndi khanda m'kanyumba ka kuseri ku Nkana East, satifiketi ya ku koleji ili m'sutikesi. Ndimawerenga pafoni za kuopsa kwa nikotini, koma ndiuze ndani? Mawu amayenda, angakafike kwa kochi.

Mwamuna wangayo ndinam'pempha chimodzi chokha, kuti pa Misa ya ubatizo wa mwana akhale pambali panga m'kamwa muli mbee.

"Atate ake, simungakalandire Ukaristia muli ndi chimenecho m'kamwa."

"Iwe, ndimathamanga mahafu awiri padzuwa la ku Ndola. Indikanike Misa?" anatero akuseka.

Kachitini anakasiya m'galimoto ya mnzake amene anatiperekeza.

Kwaya ya tsikulo inali yosafulumira. Pofika pa mawerenga achiwiri, mwendo wake unali ukunjenjemera mpaka benchi kugwedezeka. Amayi anandinong'oneza: "Apongoziwa ali ndi malungo?"

"Ndi bondo, amama. Anavulala ku mpira."

Ulaliki uli mkati, mwamuna wanga anandigwira pamkono. "Ndikubwera." Anatuluka chowerama ngati kuti kutalika kwake kungabisike.

Posakhalitsa akatekisiti anaitana makolo kutsogolo. Anzanga anaimirira awiriawiri. Ine ndinanyamuka ndi mwana, amake a ubatizo pambuyo panga, maso anga kukhomo.

"Atate a mwanayu ali kuti?" anafunsa ansembe motsitsa mawu.

"Akubwera, bambo."

Anadikira pang'ono. Kwaya inabwereza ndime. Kenaka ansembewo anajambula mtanda pachipumi cha mwana ndi chala, nati makolo tichitenso chimodzimodzi. Ndinajambula wanga. Ndinajambulanso wachiwiri mwamsanga, wa atate ake, poganiza kuti palibe akuona. Amake a ubatizo anaona, nayang'ana kumbali.

Mwamuna wanga anabwera madzi a ubatizo atapukutidwa kale, tili pa benchi. Mwendo unali utaleka kunjenjemera, nkhope yofatsa ngati ya munthu amene wagona bwino. Mlomo wam'mwamba unatukuka pang'ono kumanzere, pamene ndimadziwa ine ndekha.

"Analira?" anafunsa, akusisita kaphazi ka mwana.

"Sanalire."

Nthawi ya Ukaristia itakwana, anapinda miyendo kuti ndidutse. Ndinalowa pamzere, mwana ali paphewa.