Zikwatu za Amayi ku Katondo

Amayi anachoka kumapiri a ku Petauke kutsatira atate omwe ankagwira ntchito ya njanji ku Kabwe, koma ulimi wa kwawo sanausiye. Kuseri kwa kanyumba kathu ku Katondo ankabzala maungu ndi khobwe. Mvula ikamatha ankathyola masamba, kuwafutsa, kuwayanika padenga la malata, kenako n'kuwakulunga m'masamba a msuku. Zikwatu za mfutsozo ankazipachika m'khitchini.

Mayi wina woyandikana nafe, Mbemba wapakamwa, atasuzumira n'kuziona, anafalitsa komboni yonse kuti kwathu tapachika mankhwala. Anzanga anasiya kusewera pabwalo pathu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Kenako chinafika chilimwe chouma koopsa, m'zaka zija tinkakhalira pamzere wa mafuta ophikira. Pamsika repu anasowa. Amayi anatsitsa chikwatu chimodzi, anaviika mfutso m'madzi, n'kuphika ndiwo zotendera. Fungo la nsinjiro linadumpha mpanda. Posakhalitsa mayi uja anatulukira, kambale atakabisa m'chitenje.

"Mbuya, ana anga akana nshima ya mchere," anatero akuyang'ana pansi, poti Abemba ndi ife a ku Petauke timaitanana mbuya pa chibale chanthabwala.

Amayi anawadzazira mbale, kenako anakwera pampando n'kuwatsitsira chikwatu chachikulu koposa.

"Tengani mankhwalawa, mbuya. Koma musenze pamutu, ndipo mudzere njira ya kumpopi kuti onse aone."

Anasenzadi, amayi a pampopi akuseka mpaka kugwetsa zidebe. Chaka chotsatira, denga loyamba kuyanikidwa masamba a maungu mumsewu wathu linali lawo.