Dzina limene laputopu yanga yakana kuiwala

Lachitatu lapitali, aphunzitsi anzanga onse akuona, khoma la mu stafurumu linanditchula dzina limene ndakhala ndikulibisa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Khoma, abale. Ndi zilembo zikuluzikulu ngati za pachikwangwani cha chigayo.

Ndiyambe poyambira. Ine ndine wachiwiri kwa ahedi pasukulu ina chakufupi ndi ku Zemba. Ndimaphunzitsa masamu, koma ntchito yanga yeniyeni ndi yosunga mwambo. Mwana akachedwa, akameta mutu ngati tambala, akayankha aphunzitsi mwamwano, amamutumiza kwa ine, a Phiri. Ndikangotsokomola pakhonde, giredi naini yonse imakhala zii. Ulemu umenewu sindinautole m'njira ayi. Ndinauumba pang'onopang'ono, ndi tayi komanso nkhope yosasekerera.

Sabata yatha ndinagula laputopu ku Chipata. Pobwerera ndinatsikira pa boma, katoni ili kukhwapa, n'kulowa mu ofesi imene msuweni wanga Esinati, mwana wa atsibweni, amatayipa makalata.

"Esinati, tandiyatsira ichi, undikonzere zonse zofunika. Ine ndikameteko tsitsi."

"Pitani, amuna anga," anatero. "Mkazi wanu ndilipo, palibe chovuta."

Inu amene muli ndi asuweni mwayamba kale kupukusa mitu. Ndikudziwa. Munthu wanzeru sasiyira msuweni wake chinthu choti alembepo dzina.

Nkhani ya dzinalo ili motere. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kwathu ku Pembamoyo, amayi anasinja chiponde chodzaza mbale, choti alendo a mpingo adzadyere mbatata. Ndinachipeza pathandala. Ndinayamba ndi chala chimodzi chokha, kungofuna kuona ngati mchere wakwana. Alendo atafika, anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikubuula, mimba ili ndenge, mbale ili mbee. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkanditcha Chiponde.

Nditapita ku sekondale ndinalisiya dzinalo kumudzi pamodzi ndi kabudula wong'ambika. Kwathu kuno munthu akakula, dzina la paubwana amalikwirira, ndipo wolifukula amakhala kuti akufuna ndewu. Amene ali ndi chilolezo cholifukula popanda mlandu ndi mmodzi yekha: msuweni.

Tsono kompyuta yatsopano, mukaiyatsa koyamba, imafunsa kuti adzidzaigwiritsa ntchito ndani. Funso laling'ono, looneka ngati moni chabe. Ine pa nthawi imeneyo ndinali kwa ometa, ndikukangana za mpira. Anayankha ndi Esinati.

Nditafika kunyumba ndinaitsegula monyadira, ndipo inandilonjera ndi mawu amodzi okha pakati pa galasi: Chiponde. Ndinaitseka mwachangu mpaka kudzipana chala, chifukwa amake Tiyanjane, akazi anga, anali kulowa ndi tiyi. Takhala m'banja zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo sindinawauzepo za dzinalo ngakhale pang'ono.

Ndinamuimbira foni Esinati ndili kuseri kwa khola la mbuzi. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Nanga ndikanalemba chiyani? Inafunsa dzina lako, ine n'kuiuza zoona."

M'mawa mwake ndinafufuza ndekha, ndinapeza posinthira dzina, n'kulemba kuti Mr Phiri. Nditayatsanso inandilonjera mwaulemu. Ndinadziyamikira kwambiri. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Tinali ndi msonkhano wa aphunzitsi woona mmene ana akhonzera mayeso a temu ino, ndipo ndinalumikiza laputopu yanga ku pulojekita kuti malikisi aoneke pakhoma. Ndinadina fayilo. Inakana kutseguka, popeza ndinali nditaisuntha dzulo lake. M'malo mongonena kuti pepani sindikuiona, kompyuta inachita ngati mwana wofunsidwa kwawo, amene amatchula mudzi, banja ndi agogo omwe. Inalemba njira yonse ya kumene inakafufuza, ndipo pakati penipeni pa njirayo panali dzina lija.

Mayi Tembo, amene amaphunzitsa za makompyuta, ali ndi chizolowezi chowerenga mokweza chilichonse chimene maso awo aona.

"Chiponde," anawerenga. "Kodi Chiponde ndi ndani, adepyute?"

"Ndi foda ya kalabu ya zaulimi," ndinatero, thukuta likutsika m'kolala. "Tili ndi pulojekiti ya mtedza."

"Ayi, adepyute, pamenepo sipakhala pulojekiti. Pamakhala dzina la mwini wake wa kompyuta."

Ahedi anayamba kufufuza kanthu m'thumba la jekete. Wina anatuluka akuti akukamwa madzi, koma mapewa ake ankagwedezeka. Ine manyazi anandigwira, ndipo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: lisatuluke m'chipinda muno. Likafika ku giredi naini, nditsokomole bwanji pakhonde? Likafika kunyumba, ndikhale bwanji pampando wanga?

Msonkhano utatha Mayi Tembo anandifotokozera, mokoma mtima koma akuluma milomo. Akuti dzina limene mwapereka tsiku loyamba lija, kompyuta imatsegula nalo foda yaikulu mmene mumakhala zanu zonse: makalata, zithunzi, malikisi. Chimene ndinasintha ine ndi dzina la pakhomo chabe, la m'kati silinasunthe. Mukakakamiza kusintha fodayo ndi manja, mapulogalamu ena amasokera chifukwa amafunafunabe dzina lakale. Njira yabwino, akuti, ndi kutsegula akaunti ina pakompyuta pomwepo ndi dzina limene mukufuna, kusamutsira katundu yense kumeneko, kenako n'kufufuta yakaleyo. Anandichenjezanso kuti mukaipatsa imelo poyambirira, imangobudula zilembo zochepa za kumayambiriro n'kukutchani zimenezo, osakufunsani.

"M'mera mpoyamba, adepyute," anatero.

Ndinachita zonsezo Lachinayi masana, ndipo zinatheka. Koma ndikusamutsa mafayilo ndinaganiza za khalidwe lathu.

Ife Achewa pa nkhani ya dzina sitichita masewera. Mwana akabadwa sangotchulidwa ndi aliyense wodutsa. Amadikira mchombo ugwe, akuluakulu akambirane, asankhe munthu woyenera kutchula, ndipo wotchulayo sabwera chimanjamanja. Timadziwa kuti dzina likamata silimatuka.

Nanga bwanji pa zamakonozi timangotaya? Taimani pamsika pa boma tsiku limodzi muone. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, wagula foni. Akuipereka kwa munthu wa pakauntala amene sakumudziwa n'komwe, amvekere, "Ingondikonzerani zonse." Imelo amutsegulira wina. Dzina amusankhira wina. Nambala yachinsinsi amuganizira wina, n'kumulembera pachikatoni. Iye wangoima poteropo akuyang'ana basi za ku Chipata. Mawa akadzalemba kalata yofunika ku ofesi, ikafika ndi dzina limene mnyamata wa pamsika analota.

Ndi ulesi kodi? Ine ndikuti ndi manyazi. Timaopa kuoneka mbuli pamaso pa kachipangizo. Kusiyana n'kuti tikhale pansi mphindi khumi, tiwerenge chimene yafunsa, tifunse pamene sitinamve, timathawira kokameta tsitsi. Funso lokhalo limene tikanayankha bwino kuposa wina aliyense padziko, lakuti ndinu ndani, timalisiyira ena.

Choncho mukagula yanu, khalani pomwepo. Wokuthandizani akuthandizeni ndithu, koma ikafika pofunsa dzina, ilandeni m'manja mwake. Lembani nokha, lalifupi, loti mukhoza kulionetsa pakhoma apongozi anu ali pomwepo.

Zanga zinakonzeka m'kompyuta, koma madzi akatayika saoleka. Aphunzitsi ali ndi akazi ndi amuna awo, ndipo onsewo amatunga madzi pamjigo umodzi ndi amake Tiyanjane. Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine mwini.

Lachisanu nditaweruka ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ndinakhala pampando, ndinamasula tayi, ndinatsokomola.

"Amake Tiyanjane, pali nkhani imene sindinakuuzenipo. Ndili mwana, kumudzi anandipatsa dzina lina lake."

"La Chiponde lija?" anatero, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinafunsa kuti wawauza ndani, Mayi Tembo kapena Esinati.

"Amayi anu. Anandiuza sabata yomwe tinakwatirana, ati ndisamasiye mbale pathandala."

"Zaka zonsezi mukudziwa? Osanena?"

"Nanga ndikananena mukanatani? Inu mumaoneka kuti mukusangalala ndi kubisako." Anapepeta makoko pang'ono. "Ana a sukulu nawonso amakutchani lomwelo. Anabwera nalo ndi ana a kwanu amene anadzalowa giredi eiti kale kale. Akamati Chiponde akubwera, m'pamene amakhala chete."

Iwo anapukuta manja pachitenje, anatenga foni yawo, n'kundiuza kuti ndiwaimbire. Ndinaimba ndili pomwepo. Foni inalira m'manja mwawo, ananditembenuzira galasi, ndipo ndinawerenga ndekha amene akuimba.

Foda ndinaisintha, abale, koma Chiponde wa m'foni imeneyo andiuza kuti ndisamuyandikire. Inu mukuseka apo, ndi maudindo anu ndi matayi anu, munayesapo kuimba foni ya akunyumba kwanu ili patebulo, kuti muone dzina limene limatuluka?