Chitini cha njere za tiyi

Ndikamva fungo la tiyi wongodulira kumene, chimandibwerera ndi chitini chadzimbiri chimene amalume anga, a Nakoma, ankasungiramo njere za tiyi. Zinali zobulungira ngati nsangalabwi, ndipo zina anazipaka laimu wotsala popaka nyumba za kumalayini, kumene antchito a pa esiteti tonse tinkakhala. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chiperoni chinakhalitsa, ndipo aphunzitsi anali atandiika pagolo chifukwa ndinali wamtali, basi. Anandiuza poyera kuti tikakasewera ndi sukulu ya esiteti ya kutsidya kwa mtsinje ndikakachita zobalalika, malowo apatsa wina.

Amalume anali goloboyi wa timu ya esiteti asanakwatire, ndipo anthu a ku Masambanjati ankawatchulabe. Atamva nkhaniyi anabwera kudzandiona ndikusewera kamodzi kokha, ataima pafupi kwambiri ndi mtengo wa golo. Pobwerera anati, "Manja ako alibe mlandu, mphwanga. Maso ako ndi amene amafika mochedwa."

Kuyambira pamenepo, akaweruka kodulira tiyi, mpeni uli m'chiuno, ankandiimika pakati pa mabulugama awiri kuseri kwa malayini. Ankapisa m'chitini osayang'ana n'kuponya njere, ine ndizitchula mokweza isanandifike kuti yoyera kapena yakuda. Yoyera ndigwire, yakuda ndiisiye idutse. Kenaka ankaponya ziwiri nthawi imodzi. Masiku ena ankanditengera m'mphepete mwa munda kuti ndione mmene amayi othyola tiyi amaonera masamba awiri ndi kansonga kutsogolo, dzanja likadali pa tsamba lina. Pomaliza ankaika mpira wachikulunga pansi, n'kundiuza kuti ndisamayang'ane mpira kapena nkhope ya womenya, koma phazi limene waponda nalo pansi, chifukwa kumene laloza ndi kumene mpira upita.

Ine ndinali mwana wokonda njira zachidule. Sabata yachiwiri ndinazindikira kuti ndikalakwitsa mtundu wa njere amalume sankandidzudzula. Ndinkatha kufuula kuti yoyera, kugwira yakuda, kuiponya m'udzu, iwo n'kumati, "Ehe, ukubwera bwino." Ndinkadziona wochenjera. Anzanga atatipeza tsiku lina anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati goloboyi wathu akusewera chiyato ngati mtsikana. Mawu amenewo anandilowa kuposa onse a amalume. Ndinayamba kuzemba: lero ndatumidwa kuchigayo, mawa ndikumva mutu. Ndikadutsa chakutali ndinkawaona atakhala pa chitsa, chitini chili pakati pa miyendo, akundidikira m'nkhungumo, ndipo ndinkakhotera njira ya kufakitale.

Tsiku la mpira kunali kamvula kowaza, bwalo likuterera. Tinalimbana popanda chigoli mpaka chakumapeto, pamene mnzathu wina anagwira mpira ndi dzanja, n'kuperekedwa penate. Womenya anali kamnyamata kakafupi kopanda nsapato ngati tonsefe. Kanandiyang'ana, inenso ndinakayang'ana m'maso. Ndinadziponya kumanja mongoganizira, ndipo mpira unalowa kumanzere pang'onopang'ono, woti ngakhale mwana akanaugwira.

Amalume ndinawapeza ataima okha kuseri kwa anthu, atafunda chiguduli. Sanandikalipire. Anandigwira paphewa n'kufunsa, "Phazi lake linaloza kuti?" Ndinayang'ana pansi n'kuvomera kuti sindinaone. Iwo anati, "Inenso sindinaone, mphwanga. Ndimati undionera ndiwe."

Apo m'pamene ndinawayang'ana m'maso bwinobwino, ndipo ndinaona kuyera kwa ng'ala kumene amayi kunyumba ankakudziwa kale. Njere zija ankandiuza kuti ndizitchula mokweza chifukwa iwo sankathanso kuzisiyanitsa. Ankangodalira mawu anga, ine n'kumawanamiza.

Pagolo anaikapo wina Lolemba lotsatira, koma zimenezo zinandipweteka masiku ochepa. Mvula ya dzinja isanayambe amalume anawachotsa kodulira n'kuwapatsa ntchito yosesa, ndipo tiyi asanaphukenso bwino anabwerera kumudzi kwa Mphuka atagwidwa dzanja. Ndinakula, ndinaphunzitsa ana ambiri kuyang'ana phazi la womenya, ena anatchuka nako, ndipo aliyense ndinkamuuza kuti nzeruyo si yanga. Koma chimandiwawabe mpaka lero kuti miyezi yomaliza imene munthu uja akanatha kuona nkhope yanga, ndinaithera kuzungulira njira ya kufakitale kuti asandione.