Nthutumba ya ku Likoma

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano tiyi sakutsika pakhosi. Ndinalota amuna anga, bambo a Tadala, atanditenga kokapuma ku Likoma. Iwo amapitako mwezi ndi mwezi kukapikula usipa, koma ine chilowereni m'banja ndimangomva "tidzapita, tidzapita." Ndiye kumalotoko tsikulo linakwana. Tinakwera minibasi ya ku Kawale, minibasiyo n'kumayenda pamadzi, kondakitala akuitanira anthu ngati palibe chachilendo.

Kenako tinapezeka tili pachilumba, dzuwa lili paliwombo, njala itandigwira. Ine ndimafuna tikadye kumalo kwa azungu, poti tchuthi n'kamodzi. Iwo akuti ayi, tiyeni tizingoyenda, mwina tipeza penapake. Munthu wonena kuti "mwina" koma njira akuidula ngati akupita kuseri kwa nyumba yake! Tinakhota pamlambe wina, ndiye apo kalesitilanti kofolera ndi udzu, matebulo awiri basi. Nsalu yotchinga pakhomo inali chitenje changa cha kumpingo chimene chinasowa chaka chatha. Ndinachizindikira, koma sindinafunse.

Munatuluka mayi wina woyera, wathupi lake, sindinamuonepo chibadwire. Sanatifunse n'komwe kuti tidya chiyani. Anagwada n'kuwasambitsa m'manja bambo a Tadala ndi madzi ofunda, ine n'kundikankhira beseni lomwelo ndi phazi. Kenako apongozi anga anali pomwepo, akusankha mpunga m'lichero. Mayi amene ndinkawachapira zovala akudwala, moni osandipatsa.

Ndiye kunabwera mpunga wa nkhuku. M'mbale mwanga munali khosi ndi zipalapasiro. M'mbale mwa bambo a Tadala munali nthutumba. Inu, ndi lesitilanti iti imapatsa munthu wongodutsa nthutumba? Nthutumba ndi ya mwini nyumba, ine ndimamana ngakhale ana anga kuti adye iwo. Ndipo anaidya osadabwa, nsapato atavula, miyendo atatambasula. Mtima unandiwawa koopsa.

Ndinatenga tsabola kuti ndiwathirire mwadala, mayi woyera uja n'kundigwira dzanja.

"Musatero, tsabola amawapatsa chilungulira."

"Mwadziwa bwanji inuyo?"

Anaseka. "Idyani kaye, amayi aakulu, zikuzizira."

Kucheukira kwa amuna anga, akungotokosa m'mano. Pomwepo ndinadzidzimuka, thukuta lili kamukamu, kunja kutayera kale. Mbali yawo ya bedi inali yozizira, poti eni ake ali komweko ku Likoma chichokereni Lachiwiri.

Odziwa kumasulira ndithandizeni, ndipo wina asandiuze za malungo, ndilibe. Munthu akakuitana kuti amayi aakulu kutulo, ndiye kuti aang'onowo ali m'njira, kapena anafika kalekale ine ndikugona?